Dzuwa la ku Ndirande

Tachepetsani phokosolo, ana inu. Kuyambira m'mawa ndikungomva Blantyre, Blantyre, ngati mzindawo aumanga dzulo. Iwe Chisomo, a kwaya akukutenga kukaimba tsiku limodzi lokha, koma malo amene watchula kuti ukaone, munthu atha mwezi asanawamalize. Ukuti foni yako ikakulozera njira. Chabwino, ine ndi foni sitikangana, ndi imene imandibweretsera mawu a amalume ako ku Joni. Koma sendera kuno pamene dzanja langa lingakufike. Inenso ku Blantyre ndinapitako, kamodzi kokha, ndipo nthawi yanga inali yochepa kuposa yakoyo.

Inu nonse munakula mukundiona ndili chonchi, wa ndodo, wofunsa kuti walowayo ndani. Mwina ena mumaganiza kuti ndinabadwa wosaona. Ayi ndithu. Maso ndinali nawo, akuthwa zedi. Ndinkaima pakhomo pano n'kuzindikira ng'ombe zathu zikudya kutsidya uko ku Mozambique, n'kudziwanso kuti ya mawanga ija ikutsimphina. Amayi a m'mudzi muno akalephera kulowetsa ulusi pa singano ankatuma kwa ine. Masiku amenewo zovala tinkasoka mpaka chigamba kukhala pamwamba pa chigamba chinzake, osati zanuzi zong'amba dala m'mawondo.

Masowo anayamba kutha cham'mbali. Munthu ankatha kuima pambali pangapa osamuona mpaka atatsokomola. Patapita nthawi ndinkaona ngati munthu wosuzumira m'bowo la nsungwi, kutsogolo kokha, ndiponso pokhapokha dzuwa likhale likuwala bwino. M'nyumba mukangochita kamdima, basi, ndinkayenda chopapasa. Ku chipatala cha mishoni ku Nzama anandipatsa mankhwala odontheza. Ku boma anandiunika, n'kunena kuti zimenezi n'za ku chipatala chachikulu ku Blantyre.

Agogo anu aamuna, aNgozo, akuluakulu inu mukuwakumbukira, koma munawapeza atafatsa kale. Anali munthu wa mawu amodzi. Unyamata wawo wonse anathera m'migodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi bokosi lachitsulo, jekete lakuda, wailesi ya gumbagumba ndi chifuwa chosatha. Anabweranso ndi nkhani za m'tauni. Tikamakumba kachewere m'munda ankandisimbira za nyumba zosanja zimene umakwera uli chiimire m'kachipinda, za maloboti oimitsa magalimoto popanda wapolisi. Akamaliza ankati, "Nankhoma, tikagulitsa mbatatayi ndikutengani mukaone tauni." Mbatata inkagulitsidwa, feteleza ankagulidwa, ana ankafuna yunifolomu, tauni n'kudikira chaka chamawa. Sindinkawadandaula. Ndinkadziwa kuti pamene akulonjezapo, akunena zochokera mumtima.

Tsono panali nkhani ina imene inatikhalira pakhosi m'nyumba muno. Esinati, mwana wathu woyamba, amene ena a inu mumati amayi, ena amayi aakulu, anali atathawa ndi mnyamata wa chiwaya wa ku Blantyre, amene ankabwera kuno kudzapikula kachewere wokazinga tchipisi. Dzina lake Maliko. Eya, bambo ako omwewa Chisomo, a mimba yawo ndi tayi wa ku tchalitchi. Musaseke. Nthawi imeneyo anali kamnyamata koonda, konunkha mafuta ophikira, kamanyazi. Anamutenga Esinati popanda kutuma munthu, popanda ankhoswe, ngati watola nkhuku yosochera. Agogo anu zinawawawa kwambiri. Anaima pabwalo apo, abale onse akumva, n'kunena kuti, "Phazi langa silidzaponda m'nyumba ya mnyamata ameneyo mpaka ankhoswe ake adzakhale pamphasa pano." Ndipo munthu uja akanena, wanena.

Ine ndinkalira chamumtima. Amayi oyenda ndi malole a mbatata ndi amene ankandinong'oneza kumtsinje kuti mwana wanu tamuona ku Ndirande, ali bwino, koma ndi woyembekezera, ndipo masiku ayandikira. Ndinasunga zimenezo osauza munthu.

Ulendo wa ku chipatala tinapita pa lole ya kachewere yochokera pa Biriwiri pomwepa, titakhala pamwamba pa matumba. Inali nyengo yozizira, mphepo ija yolowa mpaka m'mafupa. Inu lero mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mwapanikizana. Ife tinadzikulunga m'bulangete limodzi, kamba wathu ali mbatata yophika, chimanga chokazinga ndi thobwa m'chigubu. Titayandikira mlatho wa pa Zalewa agogo anu anandigwedeza kuti ndione Shire, ndipo ndinaona kachigawo kamadzi kakunyezimira. Mwini lole anatiuza mosapsatira kuti mawa dzuwa likapendeka iye anyamuka pa msika waukulu, wochedwa adziwa yekha. Ku Blantyre tinalibe kwina kogona kupatula khonde la chipatala, choncho lole imeneyo sinali yoti n'kuiphonya.

Kutacha anandiona dokotala wachitsikana, waulemu wake. Anandiunika nthawi yaitali, kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Amayi, sindikunamizani," anatero. "Mtsempha wa maso anu ukuuma. Mankhwala ndikupatsaniwa achedwetsa pang'ono, koma chimene chapita sichibwerera, ndipo chotsalachi nachonso chikupita. Ngati pali chimene mumafuna kuona, musachedwe nacho."

Tinatuluka dzuwa lili pafupi kufika paliwombo. Agogo anu anatsogola. Anaima pageti n'kumina kawiri, ngakhale analibe chimfine. Kenako anakonza jekete lawo lija, n'kunena mokweza ngati akuitana ng'ombe, "Tiyeni, Nankhoma! Lero muona zonse. Palibe chotsala."

Mukudziwa mmene tinkayendera kale. Mwamuna patsogolo, manja kumbuyo, mkazi m'mbuyo ndi katundu pamutu. Ndi mmene tinalowera m'tauni ya Blantyre. Iwo ali patsogolo akuloza uku ndi uku, "Onani nyumba iyo! Werengani mawindo! Onani loboti, yafiira, taonani aima onse!" Ine m'mbuyo ndikutembenuza mutu wonse kusakasaka chimene akulozacho. Ndikachipeza, m'kabowo kanga muja munkangokwana windo limodzi ndi kachidutswa ka mtambo. Pofuna kuti ndione bwino, iwo anali atafika kale pa china. Ndinkangoyankha kuti, "Eya, ndaona, n'zokongola." Ndinawamvera chisoni, ana inu. Munthu anasunga lonjezo zaka zonsezo, ndipo tsopano ankafuna kulithira lonse m'maso mwanga masana amodzi.

Anandigulira sikono ndi chakumwa cha m'botolo, tinadya titaima pakhonde la sitolo ya mmwenye. Titanyamukanso, sindinaone pamene msewu unathera. Ndinagwera m'ngalande, mtolo uko, chigubu uko. Anthu a m'tauni anangondilambalala. Agogo anu anabwerera chothamanga, anandidzutsa, anandisansa fumbi, kenako anachita chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirane. Anandigwira dzanja pagulu, osalisiya. Ndinachita manyazi ngati mtsikana, koma ndinaona kuti mpata wanga ndi womwewu.

"Bambo a Esinati," ndinatero, "nyumba zosanja ndaziona, zikomo kwambiri. Koma dzuwa likupita. Ndiperekezeni ku Ndirande."

Dzanja lawo linauma. "Mawu anga mukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa, ndipo sindikuti muwabweze. Inu simukalowa. Mukangondifikitsa pakhomo. Mwana uja ndi woyembekezera, mwina wachira kale. Adokotala mwawamva nokha."

Anayang'ana magalimoto akudutsa. Kenako anatola mtolo wanga uja n'kuukolekera paphewa pawo, mwamuna wa Chingoni, pakati pa tauni. "Basi yake timakwerera kuti?" anafunsa munthu wodutsa.

Ndirande si mudzi, ana inu. Nyumba zake zinachita kuthithikana kuyambira kumsika mpaka kukwera phiri, tinjira take tokhotakhota, madzi oipa akuyenda pakati. Ife nyumba sitinkaidziwa. Ndinayamba kufunsa monga timafunsira kuno. Ndikakumana ndi munthu, ndimupatse moni wonse, ndifunse kunyumba, ndiyeno, "Kodi kwa Esinati, mwana wa aNgozo a ku Biriwiri, ndi kuti?" Ena ankaseka, ena ankagwedeza mutu asanamve n'komwe. Mayi wina anandiyankha mwachifundo kuti, "Agogo, kuno ngakhale woyandikana naye khomo sindimudziwa bambo ake." Moni yekhayo anatidyera nthawi yambiri.

Apa m'pamene Joni ya agogo anu inagwira ntchito. "Nankhoma, m'tauni munthu safunsidwa ndi mfunda," anatero. "Ku migodi tikafuna munthu wakwathu tinkapita kumene kukugulitsidwa zakwathu. Tiyeni kumene kuli kachewere."

Anandikoka mpaka kumsika, ku milu ya mbatata. Sanafunse msanga. Anayenda pang'onopang'ono akumvetsera mmene ogulitsa akuyankhulira, mpaka anaima pa mayi wina wonenepa amene ankakalipira wogula ndi Chichewa chakwathu chenicheni. Anali wa ku Lizulu. Atangomva kuti tikufuna mnyamata wa chiwaya amene anatenga mtsikana wa ku Biriwiri, anawomba m'manja. "Maliko! Amapikula pompano m'mawa uliwonse. Ndinu make Esinati inu? Mayo ine, tiyeni!" Anasiyira mnzake mulu wake n'kutitsogolera yekha.

Maliko tinamupeza akutakasa tchipisi. Atatiwona anagwetsa chipande m'mafuta, n'kugwada pamatope pomwepo, patali ndithu monga achitira mkamwini. Agogo anu anayang'ana kumbali. Ine ndi amene ndinafunsa, ndipo anayankha maso ali pansi.

"Amayi, kuli mlendo. Wamwamuna. Wangobadwa kumene, sanatuluke m'chikuta."

Iwe Limbani, ndamva wasiya kusenda nzimbe. Eya, mlendoyo unali iweyo.

Nyumba yake inali kachipinda kamodzi ka zidina, kopanikizika pakati pa zinzake. Chitseko chinayang'anizana ndi khoma la eni, pakati pongokwana munthu mmodzi. Windo linalipo kale, koma woyandikana nawo anamanga khoma lake n'kulitseka. Agogo anu anaima panja, mtolo uli paphewa. Ine ndinawerama n'kulowa.

Ndinamva Esinati akufuula kuti "Amayi!" Ndinamva manja ake m'khosi mwanga, misozi yake patsaya langa. Koma sindinaone kanthu. Munali bii. Munalinso mayi wachikulire, azamba amene anamuchiritsa m'nyumba momwemo, anthu ankawatchula kuti amake Feliya. Iwo anayatsa koloboyi n'kuyandikiza. Ndinaona kalawi kamoto kokha, kakuvina pakati pa mdima.

Inu obadwira ku chipatala simudziwa za chikuta. Kale mwana akabadwa, iye ndi make ankakhala m'nyumba osatuluka mpaka mchombo utagwa. Mwamuna salowamo, ngakhale bambo wake. Munthu wamba samugwira mwanayo. Tinali Akhristu, inde, ku Nzama tinkapita Lamulungu lililonse, koma mwambo umenewu panalibe amene ankauseweretsa.

Esinati atamva zimene ananena dokotala analira mokweza. "Tingomutulutsa pang'ono pokha, amayi amuone padzuwa, tibwerera naye pompano."

"Mchombo sunagwe," anatero amake Feliya. "Mwanayu pakhomo apa sadutsa."

Ndipo inenso ndinakana. Musadabwe. Ndikanalola, mwana n'kudzatentha thupi mawa lake, Ndirande yense akanati agogo ake a ku Ntcheu ndiwo anamutulutsa. Esinati yemweyo mumtima mwake akanandisunga nazo moyo wonse. Sindikanagula kuona kwanga ndi mtendere wa mwana wanga.

Amake Feliya anandinong'oneza funso lija amafunsana akuluakulu asanapereke khanda, loti ngati munthu ali wotentha kapena wozizira, ndinawayankha, ndipo anakuika iwe Limbani m'manja mwanga. Unali wopepuka, wofunda. Ndinakupapasa pamutu, m'makutu, pamphuno. Koma zala zanga nthawi imeneyo zinali zisanaphunzire kuona. Ndinali nditafika, nditakunyamula, maso anga otsalawo ndili nawo, dzuwa lili panja pomwepo kuseri kwa khoma, koma osakuona. Ndinalira, ana inu. Kuchipatala sindinalire, m'ngalande sindinalire, koma apa ndinalira ngati pamaliro.

Makoma a ku Ndirande sabisa mawu. Patapita kanthawi ndinamva agogo anu akutsokomola panja, kenako mawu awo. Anali mawu oyamba amene anayankhulapo kwa Maliko.

"Mnyamata iwe. Malatawa anakhomedwa ndi misomali?"

"Ayi bambo, anangotsinjika ndi miyala."

"Tabwera kuno. Werama."

"Bambo, eni nyumba akalipa."

"Adzakalipire ine."

Tinamva kukwekwereza pakhoma, kubuula kwa Maliko, ndi chifuwa chija chikukwera m'mwamba. Munthu wamkulu, wa imvi zake, anaponda pamsana pa mkamwini amene sankamufuna n'kukwera padenga la eni. Amake Feliya anatuluka ngati alumidwa ndi mavu.

"Bambo inu! Mwamuna salowa muno!"

"Sindikulowa, mayi," anayankha ali pamwamba. "Ndili panja. Mfunditseni mwanayo, kugwa fumbi."

Esinati anatifunditsa chitenje ine ndi iwe pamodzi. Tinamva miyala ikugubuduzika umodziumodzi, Maliko akuilandira pansi. Kenako lata linalira, kweee, ndipo kudzera m'chitenje muja ndinaona kuyera. Amake Feliya anabwerera m'nyumba, anaima, ndipo Esinati akuti anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. Ndinkamva kuti akulingalira mlanduwo. Potsiriza anaseka. "Mwana ali m'nyumba, bambo ali panja. Ine sindikuonapo cholakwa." Ndipo anachotsa chitenjecho ndi dzanja lawo.

Dzuwa linatsika mowongoka mpaka pamphasa. Ndinasendera pamenepo. Woyamba amene ndinamuona anali Esinati, ataonda, milomo itauma, koma ndi kampata kake ka m'mano kaja. Kenako ndinaweramitsa mutu n'kukusaka ndi kabowo kanga mpaka ndinakupeza. Nkhope yako yonse inakwanamo, osatsala kanthu. Unali wofiirira, wamakwinya ngati nkhalamba, tsitsi lambiri litagona pamutu. Dzuwa litakumenya unakwinya mphumi, unatsinzina diso limodzi, n'kutukula mlomo ngati munthu amene wauzidwa mtengo wodula pamsika. Ndinakuyang'ana osaphethira. Maso ankawawa, misozi inkatsika, koma ndinapitiriza kuyang'ana, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, n'kuyambiranso.

Agogo anu anali akadali padenga paja. Kenako mthunzi wa mutu unagwera m'mbali mwa mphasa, ndipo ndinamva mawu awo otsika.

"Nankhoma, tamutembenuzirani kuno pang'ono."

Ndinakutembenuza. Anakuyang'ana nthawi yaitali ali chigonere pamalata otentha.

"Esinati," anaitana.

"Bambo."

"Wadya?"

Esinati anangobisa nkhope m'chitenje. Agogo anu anabweza lata m'malo mwake, anasanjanso miyala yonse bwinobwino kuposa mmene anaipezera, n'kutsika. Ndikutuluka ndinawamva akufunsa Maliko ngati ali ndi amalume amoyo. Maliko anati alipo ku Thyolo, koma ankaopa kuwauza. "Ukawauze kuti njira ya ku Biriwiri ilibe minga," anatero agogo anu. M'nyumba muja sanalowe ndithu tsiku limenelo. Anadzalowa ankhoswe atabwera, mvula yoyamba itagwa.

Lole tinaipeza italiza kale injini. Maliko ndi amene anathamanga patsogolo ndi mtolo wathu kukaimitsa. Pobwerera tinakhala pa matumba opanda kanthu, dzuwa likulowa, ndipo agogo anu ankandiuza zimene tikudutsa, koma ine sindinkamvetsera. Ndinatsinzina dala njira yonse, kuopa kuti china chingalowe m'maso n'kufufuta chimene ndinali nditaikamo.

Maso anatheratu tisanakolole chaka chotsatira. Enanu nonse munabadwa pambuyo pake. Ndinakunyamulani, ndinakusambitsani, mawu anu ndimawasiyanitsa ngakhale mutanong'ona, mapazi anu ndimawadziwa mukadali kuseri kwa khola. Koma mwa zidzukulu zanga zonse ndinaonapo mmodzi yekha, kamodzi. Ndiye musakwiye ndikakuuzani ichi. Aliyense wa inu akamayankhula nane, m'mutu mwangamu amavala nkhope yomwe ija. Iwe Chisomo ukamaimba, iwe Tadala ukamanama kuti mbuzi sizinalowe m'dimba, ngakhale iwe Limbani amene akuti tsopano uli ndi ndevu ndi ana awiri, ine ndimaona kakhanda kofiira kamakwinya, katatsinzina diso limodzi, kakukwiyira dzuwa.